Magemu akudukizadukiza pa Windows: yankho kwa achimwene a ku Salima

Achimwene, pa vuto la magemu odukizadukiza limene mwafunsali, musathamangire kugula graphics card (khadi yojambula zithunzi za pa sikirini) ina, yambani ndi driver, pulogalamu yoyendetsa khadiyo. Chotsani yakaleyo ndi DDU (Display Driver Uninstaller, pulogalamu yochotsera ma driver) muli mu Safe Mode (pamene Windows imayaka ndi zofunikira zokha), kenako mutenge yatsopano pa webusaiti ya NVIDIA, kampani yopanga khadiyo. Imene Windows imaika yokha nthawi zambiri imakhala yotsalira. Fayilo ya driver ya NVIDIA ndi yaikulu, ndiye konzeranitu bandulo.

Mukatero, lowani mu NVIDIA Control Panel, pa Manage 3D settings, muike Power management mode pa Prefer maximum performance. Kompyuta yanga inasiya kudukiza nditachita zimenezi. Onaninso ngati waya wa monita walowa ku khadiyo osati ku motherboard (bolodi yaikulu ya kompyuta), ambiri amapusa pamenepa.

Komanso kutentha kwa kuno kunyanja mu Okutobala, kuphatikiza fumbi, kumachititsa khadi kudzichepetsera liwiro, choncho yeretsani mafani. Mukamaona mizere yachilendo pa sikirini kapena kompyuta ikamazima yokha, pitani nayo kwa katswiri.