Ndigule ampu yaikulu pa katapila kuti ndizidzimva pa siteji?

Funso: Ndimaimba gitala ya lidi mu bandi ya anthu 6 kuno ku Blantyre, timaimba nyimbo za anthu ena m'maukwati ndi m'malo omwera ma weekend. Vuto langa pa siteji sindimadzimva, ng'oma ndi besi zimandimeza, ndikakweza ampu yanga ya ma watts 30 oimba amadandaula ndipo maiki imayamba kulira. Ndaona ampu ya ma watts 100 ndipo wakatapila wina wavomera kundibwereka. Ndigule? Wa gitala, ku Ndirande

Achimwene, ndalamayo musaikhudze kaye. Ndiyambe ndi funso, ampu yanuyo mumaiika pati? Ndikhulupirira ili pansi kumbuyo kwanu, ikuimbira maondo anu. Sipika ya gitala imaponya mawu kutsogolo molunjika ngati tochi, makamaka mawu akuthwa aja, ndiye inu mwaimirira pamwamba simukumva kanthu koma azakhali a mkwati amene akhala mzere woyamba makutu akuwawa. Ikwezeni pa mpando kapena pa ma kireti awiri a Fanta, muipendeketse iloze kumutu kwanu, mudabwa kuti mukhala mukuitsitsa nokha. Zimenezi zaulere.

Komanso ma watts amanamiza anthu ambiri. Kuwirikiza mphamvu ya ampu kawiri kumangowonjezera ma decibel atatu (muyeso wa kukwera kwa mawu), khutu limangoti eya yakwera pang'ono, ndipo kuti imveke kawiri kukwera kwake pamafunika mphamvu pafupifupi ka 10. Ndiye kuchoka pa 30 kupita pa 100 mulipira ndalama zambiri pa kusintha kosafika pomwe mukuganiza. Ndiponso mukakweza inu wa ng'oma amenya mwamphamvu, wa besi naye akweza, woimba auza wa saundi kuti amukwezere monita (sipika yoloza kwa oimba kuti azidzimva), maiki itola mawu a monitayo nkuwabwezanso mu sipika, kulira kuja kumene mukudandaula nkumeneko, mapeto ake aliyense wakweza koma palibe akudzimva. Ntchito yofikitsa gitala kwa anthu ndi ya PA, ma sipika akuluakulu oloza kwa anthu aja, ikani maiki kutsogolo kwa sipika ya ampu (ambiri amagwiritsa Shure SM57) ipite ku mikisa, ampuyo ikhale yongodzimvera inuyo. Ndipo pa ampupo chepetsani bass (mawu apansi), muwonjezere mid (mawu apakati), distortion (kusasa kwa mawu) isachuluke, poti gitala yodzaza bass imalimbirana malo ndi besi ndi kiyibodi nkusowa.

Tsopano za ndalama, zomwe ndi gawo langa. Chida chabwino kugula pa ngongole ndi chomwe chibweretse ndalama yobwezera ngongoleyo. Kodi alipo mwini ukwati amene adzawonjezere mtengo chifukwa wa gitala ali ndi ma watts 100? Palibe. Zida zoimbira zimachokera kunja, mitengo yake imatsata dola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 nanunso mwaona mtengo wa ma strings momwe unathamangira. Wakatapila amafuna zake mwezi ndi mwezi, pomwe mashoo sayenda chomwecho, miyezi ya chilimwe mpaka Disembala maukwati amathithikana koma Januwale ndi Febuluwale anthu ali pa fizi ndi kumunda, bandi itha kukhala masabata osaitanidwa. Mukalephera kubweza, ampu yomweyo ndi imene wakatapila adzayambe kulanda.

Ine ndikanakonda mukhale pansi bandi yonse mukonze kagawidwe. Tiyerekeze mwagwirizana K600,000 pa ukwati. Musanagawane chotsani kaye za hayala ya PA, thiransipoti ndi wa saundi, kenako 10% ilowe m'thumba la bandi, zotsalazo ndiye mugawane. Thumbalo lisakhale m'manja mwa munthu mmodzi, mabandi ambiri amatha pa ndalama osati pa nyimbo. Ndalama imeneyo yambani kugula zothandiza aliyense, monita imodzi yowonjezera, ma cable abwino, ndi stabilizer yoteteza zida mphamvu ya magetsi ikamakwera ndi kutsika, chifukwa magetsi akathima mumalumikizidwa ku kajenereta komwe kakukokanso mafiriji ndi zina, ndipo ampu ikapsa pamenepo palibe angakulipireni.

Wa saundi musamuone ngati wongonyamula ma sipika, mulipireni bwino ndipo muzigwira ndi mmodzi amene wazolowera bandi yanu, ameneyo ndi amene angakuikireni gitala mu monita. Pokambirana ndi mwini shoo lembani pa WhatsApp zonse, PA abweretsa ndani, ma monita angati, jenereta ndi ya ndani, mulowa nthawi yanji kuti muyese saundi anthu asanabwere, ndipo theka la ndalama lilowe pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lisanafike. Zoti tidzakupatsani perekaniperekani akatha zimenezo zakhumudwitsa ambiri. Poti mumaimba nyimbo za eni ake, m'malo omwera funsaninso ngati malowo ali ndi laisensi ya COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina.

Loweruka lino yesani za kireti zija ndi maiki pa ampu. Ngati mashoo atatu adutsa mukuvutikabe, chitani hayala ampu yaikulu usiku umodzi mumve nokha, ikakukhutiritsani muisonkhere ku banki mkhonde mudzagule kashi.