Zopikula mafoni kunja, Huawei ndi belo

Achimwene, mwafunsa kuti bizinesi yopikula mafoni kunja imayenda bwanji, komanso ngati mkangano wa America ndi China umatikhudzadi ife ogulitsa m'tauni.

Ambirife timakapikula pamsika wa Kariakoo, mu Dar es Salaam. Mumakwera basi mpaka ku Karonga, kuwoloka pa Songwe, kudzera ku Mbeya, kenako ulendo wautali mpaka kunyanja. Amene mpamba wawo ndi wonenepa amapita ku Dubai kapena ku China komwe, mu mzinda wa Shenzhen, pamsika wa Huaqiangbei. Koma kulikonse kumene mungapikule, mafoni ambiri amachokera ku China. Tecno, itel ndi Infinix, amene amayenda malonda kwambiri kuno, onsewo ndi a kampani imodzi ya ku Shenzhen yotchedwa Transsion.

Chovuta chenicheni ndi ndalama zakunja. Pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali atagulitsa pangongole anabwerera ku Dar ndi ndalama zosakwanira katundu yemweyo. Pachipata mumalipira msonkho ku MRA, ndipo asakunamizeni kuti ndondomeko yopeputsira msonkho amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kummawa ndi kumwera kwa Africa, ikuthandizani. Imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'mayiko a bungweli, osati foni ya ku China. Ndiponso Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000.

Za mkanganowo, ine unandiluma ndithu. Mu Meyi 2019 boma la America linaletsa makampani ake kuchita malonda ndi Huawei, kampani ya ku China, popanda chilolezo. Ndinkayesa nkhani ya pa wailesi chabe. Chaka chotsatira ndinapikula ma Huawei atsopano, okongola, kamera yabwino, mtengo wosaboola m'thumba. Sabata isanathe makasitomala anayamba kubweza: "Bwana, Play Store ili kuti?" Munalibe mapulogalamu a Google, poti Google ndi kampani ya ku America. Munthu wa kwa Mtandire alibe nazo ntchito za amene analakwa pakati pa Washington ndi Beijing, akufuna YouTube yake. Ndinawagulitsa motsitsa mtengo. Kuyambira pamenepo sindilipira foni ndisanaiyatse ndi kuona ndekha zimene zili m'katimo.

Mu nkhani yomweyi muli za belo zimene zimandikhalabe pamtima. Pa 1 Disembala 2018, mkulu woyang'anira chuma ku Huawei, Meng Wanzhou, mwana wa amene anayambitsa kampaniyo, anamangidwa ku Vancouver, m'dziko la Canada, America itapempha. Patangopita masiku khumi anatuluka pa belo ya madola a ku Canada 10 miliyoni, nakadikira mlandu m'nyumba yake, atavala chipangizo pamwendo chosonyeza komwe ali, mpaka anabwerera kwawo mu Seputembala 2021.

Mnzanga wina anazembetsa makatoni awiri panjira yachidule, pothawa msonkho. Anagwidwa. Analakwa, sindikumuikira kumbuyo. Koma khoti litatchula ndalama ya belo ndi anthu omuimira, analibe poyambira, chifukwa mpamba wonse unali m'makatoni olandidwawo. Anagona pa limandi milungu ingapo mpaka tinasonkherana. Ndiye ndikamva kuti ku America akukangana za belo ya ndalama, ndimamvetsa. Chigawo cha Illinois chinaithetseratu mu Seputembala 2023, ponena kuti woweruza aziona ngati munthuyo ndi woopsa kapena angathawe, osati kukula kwa thumba lake. Otsutsa amati zikatero zigawenga zimabwerera msanga m'misewu. Ine ndili kumbali ya Illinois, mwina chifukwa ndine amene ndinkamupititsira nsima mnzangayo.

Kuno kwathu dziwani ziwiri: belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo malamulo amati munthu womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Mukamanyamuka, ndalama ya msonkho muisunge padera, musaikhudze ngakhale mutaona katundu wotchipa chotani, ndipo malisiti a ku Kariakoo muwajambule pafoni musanakwere basi yobwerera.