Mukufuna motorhome yaikulu? Yambani mwagwada pansi pake

Funso: Amisiri, ine ndakhala ndikugwira ntchito ku UK ndiye chaka chamawa ndikubwerera kwathu ku Salima, cha kwa Maganga. Ndikufuna kugula motorhome, galimoto ija ili ndi chipinda chogona, khitchini, shawa ndi toileti mkati momwemo, koma ikhale yaikulu yapamwamba ngati zimene timaona za ku America. Ndizizungulira nayo kunyanja ndi banja, mwinanso kubwereketsa kwa alendo. Sindinakhalepo nayo. Ndiyambire pati?

Bambo, takulandirani kumudzi musanafike nkomwe. Koma ndikuuzeni mosabisa, anthu ogula koyamba amayambira mkati, akaona masofa achikopa, TV yaikulu, kabati yonyezimira ndi shawa ya magalasi basi mtima wapita kale, ndalama nkulipira. Ine ndikuti yambani mwagwada pansi muone chasisi, injini ndi matayala. Sofa ikang'ambika anyamata a pa Kamuzu Road akusokerani tsiku lomwelo, koma kompyuta ya giyabokosi ikakufelani cha ku Khombedza ndiye mugona pamenepo mpaka sipeya ichoke kunja, ndipo bulekidauni yoti ikoke chigalimoto cha matani 15 simungaipeze pafupi.

Motorhome ndi zinthu ziwiri zimene azilumikiza. Pansi pali thiraki kapena basi yopangidwa ndi kampani ina, pamwamba pali nyumba yopangidwa ndi kampani inanso. Zazikulu za ku America zija amati Class A, monga za Winnebago, Tiffin kapena Newmar, zambiri za dizilo zimakhala pa chasisi ya Freightliner kapena Spartan, injini ya Cummins ili kumbuyo, giyabokosi ya Allison. Injiniyo payokha ndi yabwino ndithu ndipo amakaniko a mathiraki ku Kanengo dzina la Cummins si lachilendo kwa iwo. Vuto ndi zina zonsezo. Kutalika zimafika mamita 12 mpaka pafupifupi 14, m'lifupi mamita 2.6, kupita m'mwamba pafupifupi mamita 4. Tsopano taganizirani M5 yathuyi kuchoka pa Kaphatenga kulowera ku Benga mpaka Nkhotakota, malo ena msewu wopapatiza m'mbali modyeka, milatho ina yodutsa galimoto imodzi, njinga za makala ndi kabaza mbali zonse, kutsogolo kukubwera thiraki ya shuga yochokera ku Dwangwa. Mukakhota kulowa kanjira ka mchenga kopita ku loji ya kunyanja ndiye nthambi za mango ndi mawaya a magetsi olendewera zikuyembekezera eyakoni yanu ya padenga. Komanso thako la galimotozi limatalika kwambiri kuseri kwa matayala akumbuyo, ndiye pa dirifiti kapena podutsa pongoyembekezera mlatho ukakokoloka, ngati momwe zinalili ku Dwangwa madzi atasefukira mu 2024, kumbuyoko kumakhula pansi, ndipo injini ndi radiyeta zili komweko.

China chimene anthu saganiza. Za ku America chiwongolero chili kumanzere, ife timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye pofuna kupitirira thiraki simuona kutsogolo pokhapokha mayi akunyumba akhale maso anu. Chitseko cholowera m'nyumbamo nacho chili kumanja, kumene kwa iwo ndi kumbali kwa msewu koma kuno ndi mbali imene magalimoto akudutsa. Mwaima pa Thavite kuti mugule chimanga chootcha, mwana watsegula chitseko watsikira mumsewu mwenimweni. Ine chimenechi chokha chimandikwanira kukana.

Ndiye pali magetsi. America amagwiritsa 120V pa 60Hz, ESCOM amatipatsa 230V pa 50Hz. Thiransifoma itsitsa mavoti inde koma ma Hz aja, amene ndi liwiro la kugunda kwa magetsi, siisintha, ndiye kompuresa ya eyakoni yopangidwira 60Hz imazungulira pang'onopang'ono nkumatentha, moyo wake umafupika. Mayikulowevu, chaja ya mabatire, masoketi onse, ndi nkhani yomweyo. Mudzapezeka mukuliza jenereta usiku wonse muli pa loji pamene pali magetsi, alendo anzanu akukutukwanani chamumtima.

Popeza muli ku UK, mwayi muli nawo kale pakhomo. Kumeneko chiwongolero chili kumanja ngati kuno, magetsi ndi 230V pa 50Hz, pulagi ndi yomweyi ya mano atatu. Funani ya mamita 7 kapena 8, musapitirire pamenepo, yokhala pa Iveco Daily kapena Mercedes Sprinter yokoka ndi matayala akumbuyo, makamaka ya matayala awiriawiri kumbuyo. Zambiri za ku Ulaya zili pa Fiat Ducato imene imakoka ndi akutsogolo pomwe kulemera konse kuli kumbuyo, pa tara ilibe vuto koma pa mchenga wa ku Senga Bay ingokumba dzenje nkukhala. Zapamwamba za ku Germany monga Carthago, Concorde ndi Morelo ndi zomangidwa bwino zedi, kungoti muonetsetse mbali ya chitseko chifukwa zina ngakhale chiwongolero achiika kumanja chitseko cha nyumba amachisiya kumanjanso.

Chenjerani ndi injini zatsopano za Euro 6. Zili ndi DPF, sefa ya utsi ija, komanso zimamwa AdBlue, madzi apadera oyeretsera utsi, ndipo AdBlue akatha kapena sensa yake ikangonama galimoto imayamba kuwerenga makilomita otsala kenako imakana kulira. Zimafuna dizilo woyera kwambiri, pomwe ife mafuta akasowa tonse timadziwa kumene timathamangira, ku zigubu za m'mbali mwa msewu zimene mkati mwake muli madzi ndi fumbi ndi zina zoti Mulungu yekha adziwa. Mainjekita a injini zimenezi sakhululuka.

Mukandifunsa ine zimene ndingachite ndi ndalama zanga, ndingagule Toyota Coaster yabwinobwino, makamaka ya injini ya 1HZ yomwe ilinso mu Land Cruiser, nkuichotsa mipando nkumangamo nyumba mwakufuna kwanga. Ndi pafupifupi mamita 7, ndi yokwera bwino pansi, ndipo palibe tauni m'Malawi muno imene makaniko sanatsegulepo Coaster. Ulemerero wa mkati mutha kuugula padera, matiresi abwino, filiji yabwino, matabwa abwino. Ku Japan zimapezekanso zomangidwa kale pa Coaster kapena pa Rosa, kungoti masoketi ake ndi a 100V ndiye mawaya a m'nyumbamo ayenera kukonzedwanso, koma imeneyo ndi ntchito yoti tingaithe kuno.

Funso: Nanga laisensi yanga ya galimoto wamba ikwanira? Mafuta imamwa bwanji?

Laisensi ya code B imathera pa makilogalamu 3,500. Kuposa apo mpaka 16,000 mukufunika C1, kupitirira apo ndi C. Motorhome iliyonse yoti munthu nkuitchula kuti yaikulu yadutsa kale 3,500, ndiye konzekerani kukaonana ndi a Road Traffic, ndipo ngati muzinyamula alendo olipira mufunsenso za mapepala a bizinesi yotero ndi inshuwalansi yake. Musangodalira pepala, pezani dalaivala wa basi akuphunzitseni kubwerera m'mbuyo ndi kutsika mitsetse ya M14 pochoka ku Lilongwe ndi giya, osati kupondereza mabuleki mpaka anunkhe.

Mafuta, chi America chachikulu chija chimayenda makilomita atatu kapena anayi pa lita. Salima kupita Nkhotakota ndi kubwerera ndi makilomita opitirira 200, werengani nokha, malita 60 apita musanayatse jenereta. Thanki yake imalowa malita oposa 350, ndiye tsiku limene pa filing'i siteshoni pali mzere ndipo akupereka moyeza, mudzaima kangati kuti idzadze? Za pa Sprinter kapena Iveco zimamwa mwina theka la pamenepo.

Funso: Ine ndine mayi wa ku Nkhotakota, amuna anga akulimbikira zogula chinthu chimenechi. Ine nkhawa yanga ndi kutentha kwa kuno ndi toileti. Kodi sola ingayendetse eyakoni usiku wonse? Nanga zonyansazo zimapita kuti?

Mayi, mwafunsa mafunso amene bambowo anayenera kuyambira. Eyakoni ya padenga imakoka mawati 1,000 mpaka 1,500 ikamagwira ntchito. Batire ya lithium ya 200Ah pa 12V imasunga pafupifupi 2.5kWh, ndiye mukayatsa eyakoniyo ndi inveta mupeza maola awiri, mwina atatu ngati kompuresa ikupumira, basi yatha, filiji nayo yazima. Sola ya padenga malo ake ndi ochepa, mukaikapo mawati 400 kapena 600 mwayesetsa, imeneyo ndi ya magetsi owunikira, filiji, pampu ya madzi, mafoni ndi mafani. Kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja mukufunika kulumikiza ku ESCOM pa loji kapena jenereta, apo ayi mabatire ochuluka a ndalama zoopsa. Chimene chimathandiza kwambiri pa mtengo wochepa ndi fani ya padenga yotulutsa mpweya wotentha, mawindo okhala ndi neti ya udzudzu yosang'ambika, ndi kuimika pamthunzi. Neti imeneyo muione bwino pogula, kuno ndi kwa malungo.

Filiji muonenso mtundu wake. Zambiri zimabwera ndi filiji yoyendera gasi, yopanda kompuresa, imene imafuna galimoto iime mowongoka bwino ndipo kunja kukatentha kwambiri imangoziziritsa mwaulemu, chambo cha pa Chia mukafika nacho chitayamba fungo. Ya kompuresa ya 12V ndiye yoyenera kuno. Gasi naye, za ku America zili ndi thanki yomangirira ku chasisi yofuna pothira pake, pomwe ife timasinthitsa masilinda, ndiye payipi ndi regyuleta ziyenera kusinthidwa ndi munthu wodziwa, osati kumangirira ndi lekeni.

Za toileti zili pawiri. Zikuluzikulu za ku America zija zili ndi thanki ya zonyansa pansi, imene kwawoko amakakhuthula pa malo omangidwira zimenezo ndi chipayipi chachikulu. Kuno malo otero mudzawasaka mpaka kutopa, ndipo kukhuthulira m'tchire kapena pafupi ndi nyanja imene anthu akumwa ndi kuchapamo ndi kuitana kolera, tonse tikukumbuka mmene inatipwetekera mu 2022 ndi 2023. Za ku Ulaya zambiri zili ndi kathanki kosolola ngati sutikesi, ka Thetford kapena Dometic, malita osafika 20, mumakasolola panja nkukakhuthula m'chimbudzi chilichonse. Kamadzadza msanga, banja la anthu anayi ndi tsiku limodzi kapena awiri, koma nkotheka kuno. Mugwirizane kaye kunyumbako kuti wonyamula ndani.

Funso: Ndapeza yogwiritsidwa kale ntchito pa intaneti, ya 2012, makilomita ochepa kwambiri, zithunzi zake ndi zokongola. Ndilipire?

Ayi achimwene, musalipire ndi zithunzi. Makilomita ochepa pa motorhome si nkhani yosangalatsa kwenikweni, zikutanthauza kuti yakhala ikungoima, ndipo galimoto yongoima marabala amauma, mabuleki amagwira dzimbiri, dizilo amachita ndere mu thanki, makoswe amadya mawaya. Tumani munthu wodziwa, wosakhala mnzake wa wogulitsayo, akaione ndi maso ndipo mumulipire, ndalama imeneyo si yotaya.

Mdani wamkulu wa nyumbazi ndi madzi olowa padenga ndi m'mawindo. Makoma ake ndi timapepala topyapyala tomatidwa ndi guluu, mkati muli thovu louma ndipo zina muli matabwa, ndiye madzi akalowa amaola mwakachetechete kunja kukuwalabe. Woyenderayo akhale ndi kamakina koyezera chinyezi, ayeze m'makona onse, pansi pa mawindo, m'makabati a m'mwamba ndi kuzungulira eyakoni. Aponde pansi ponse amve ngati pakubonyera. Akaona khoma lakunja latupa ngati chithuza, kapena mkati mukununkha nkhungu koma apoperamo perefyumu wambiri, achokepo. Yoola kale ikakumana ndi dzinja lathu ndi mabampu athu siitha zaka ziwiri.

Matayala musaone mapanga okha, muwerenge deti. Pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi malembo akuti DOT, mwachitsanzo 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Lopitirira zaka 6 kapena 7 ndi lotha ngakhale lioneke latsopano, ndipo likaphulika pa tara wotentha wa ku Salima limang'amba ndi pansi pa nyumba pomwe, mapayipi ndi mawaya. Muonenso ngati saizi yake imapezeka ku Lilongwe.

Zipinda zotuluka m'mbali zija, amati slide-out, nzokoma pa vidiyo koma chilichonse chili ndi mota, magiya ndi marabala amene fumbi lathu limawakonda, ndipo chikakana kubwerera mkati galimoto siyenda. Kwa woyamba ndingati opanda nazo ndi bwino, ngati mwaumirira chikhale chimodzi ndipo akuonetseni pobwezera ndi manja. Ayatse chilichonse, jenereta ilire ola lathunthu eyakoni ili yoyaka, pampu ya madzi, gizara, sitovu, masitepe, majeki. Apitenso nayo pa sikelo. Zapamwamba zambiri zimalemera kale zili zopanda kanthu moti malo a katundu amatsala ochepa, madzi okha malita 200 ndi makilogalamu 200, onjezani anthu, gasi, mabatire, thumba la mpunga wa kilombero pobwerera, mwadutsa kale malire a chasisi ndipo masipuling'i ndi mabuleki ndi amene alipire.

Funso: Kubweretsa kuno zimayenda bwanji?

Mu kontena siilowa, chitseko cha kontena ngakhale yaitali ija sichifika mamita 2.6 kupita m'mwamba pomwe motorhome yaikulu imafika mamita atatu kapena kuposerapo. Imakwera sitima yonyamula magalimoto, ndipo mtengo amawerengera kukula kwake ndiye mita iliyonse yoonjezera ndi madola. Ikatsikira ku Dar es Salaam ilowera pa Songwe, ikatsikira ku Durban kapena ku Beira ndiye Mwanza kapena Dedza. Musasiyemo TV, inveta ndi zida zomasuka, zimenezo tumizani padera. Msonkho pitani ku MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka akuwerengereni musanagule, mutawapatsa chaka, kukula kwa injini ndi mtengo, chifukwa galimoto yakale ya injini yaikulu msonkho wake umatha kukudabwitsani kuposa mtengo wogulira. Ndipo ikamanyamuka muikiretu m'bokosi mafyuluta a dizilo angapo, a oyilo, malamba a injini, mapadi a mabuleki, pampu ya madzi yapadera ndi kamakina kowerengera mafoti kogwirizana ndi injini yanuyo, mukabwera nako ku galaja ife tidzakuthandizani msanga kusiyana ndi kuyamba kulota.