Musanagule bandulo ina, yesani kaye ndi ping

Achemwali, mwati laputopu ya pa shopu yanu ikuonetsa kuti yagwira Wi-Fi bwinobwino, koma mukatsegula Chrome imangozungulira osatulutsa kanthu, ndiye mukufunsa ngati mugule bandulo ina kapena muitane wokonza. Ndalamayo ikhale kaye m'chikwama. Kompyuta yomweyo ikhoza kukuuzani pamene padukira, bola muifunse kuyambira pafupi kumka patali.

Dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani cmd, kenaka Enter. Patuluka kabokosi kakuda. Musachite nako mantha, zimene tilembemozi siziononga kanthu.

Yambani ndi ipconfig. Pansi pa mutu wa Wi-Fi pezani mizere iwiri, IPv4 Address ndi Default Gateway. Yoyambayo ndi nambala imene rauta, kachipangizo kotulutsa Wi-Fi kaja, yapatsa laputopu yanu, yachiwiriyo ndi ya rauta mwini wakeyo, ndipo kawirikawiri imakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, pamene tima MiFi tambiri ta Huawei timakhala pa 192.168.8.1. Mukapeza kuti nambala yanu ikuyamba ndi 169.254, dziwani kuti rauta sinakupatseni nambala, Windows yangodzipangira yake. Pamenepo zimitsani rauta, dikirani pang'ono n'kuyatsanso, kenaka lembani ipconfig /release, ikatha ipconfig /renew.

Nambala zikakhala bwino, lembani ping, siyani kampata, n'kuikapo nambala ya rauta ija. Kuteroko kuli ngati kuodira pakhomo: kompyuta iodira kanayi, n'kukuuzani kuti yayankhidwa kangati komanso patapita nthawi yotani. Rauta ili m'chipinda chomwecho iyenera kuyankha kanayi konse, ndi mawu oti Reply from, pa time pali kanambala kakang'ono ngati 2ms kapena 5ms (ms ndi tizigawo ta sekondi, 1000ms ndi sekondi imodzi). Ikamati Request timed out, vuto lili m'shopu momwemo, ndipo a netiweki simungawalakwitse.

Rauta ikayankha, tulukani panja. Lembani ping 8.8.8.8, imene ndi seva ya Google. Apa ndi pamene ambiri amagwidwira. Rauta ikuyankha koma 8.8.8.8 ili zii, ndiye kuti pakati pa rauta ndi kunja ndi pamene pavuta: bandulo yatha, simu yakhala molakwika, kapena netiweki yagwa m'dera lanu. Onaninso mtundu wa bandulo imene munagula. Ngati inali ya WhatsApp yokha, mauthenga pa foni azilowa ndithu, inu n'kumati intaneti ilipo, chonsecho kwina konse chitseko n'chotseka.

Tsono pali china chosokoneza mutu. 8.8.8.8 ikuyankha, koma mukalemba ping google.com ikuti could not find host. Intaneti ilipo pamenepo, chadwala ndi DNS, imene imasandutsa dzina la webusaiti kukhala nambala, monga foni yanu imachitira mukasankha dzina la munthu iyo n'kuimba nambala yake. Yesani nslookup google.com, kenaka nslookup google.com 1.1.1.1. Yachiwiriyo ikayankha yoyamba italephera, lowani mu Settings musinthe DNS ikhale 1.1.1.1 ya Cloudflare kapena 8.8.8.8 ija, mumalize ndi ipconfig /flushdns. Bandulo yatsopano sikanathandiza chilichonse apa.

Ngati vuto lanu ndi la gwire-siye, kuodira kanayi n'kochepa. Lembani ping -t 8.8.8.8 muisiye iziyenda mphindi zisanu inu mukutumikira makasitomala, kenaka dinani Ctrl ndi C. Pansi ikulemberani kuti yatumiza zingati ndipo zatayika zingati. Ine ndinachita zimenezi pa ofesi ya mlamu wanga, amene anali atasintha simu kawiri akudandaula za netiweki. Ndinatsegula timabokosi tiwiri, kena ka rauta kena ka Google, ndipo tonse timaduka nthawi imodzi. Rauta anaiika pansi kuseri kwa kabati yachitsulo, ati kuopa akuba. Titaikweza pa shelefu pafupi ndi windo, mizere ya timed out ija inatheratu.

Ena m'gulu muno akuuzani za tracert. Ndi yabwino, imaonetsa masiteshoni onse amene uthenga wadutsa, koma kwa inu ndingoti musathamangire. Imatulutsa tinyenyezi (*) m'malo mwa yankho pa mizere ina ngakhale zonse zili bwino, chifukwa marauta ena a m'njira sayankha dala. Komanso ma ms akakwera mukafika ku maseva akunja musadabwe. Dziko lathu lilibe gombe, choncho zambiri zimayamba zayenda pa faiba kudutsa m'maiko oyandikana nawo zisanafike pa zingwe za pansi pa nyanja.

Maofesi ena amatsekanso ping mwadala. Mukakayikira zimenezo lembani curl -I https://www.google.com, imene imapezeka kale mu Windows 10 ndi 11. Mukaona 200 pa mzere woyamba, njira ndi yotseguka, kakonzeni Chrome.

Jambulani kabokosi kakudako mukachita ipconfig ndi ma ping atatu aja, mutumize muno madzulo ano tione limodzi.