Nkhope ya mkwatibwi chimbuuzi, nsalu za kumbuyo zikuoneka bwino

FUNSO: A Mkonzi, ine ndimajambula zithunzi pa zinkhoswe ndi maukwati kuno ku Nchalo, ndipo nthawi zina amandiitana ku Ngabu ndi ku Bangula. Mwezi wathawu ndinagula ku Limbe lenzi yogwirapo kale ntchito ya 50mm f/1.4, yopangidwa ndi kampani ina osati imene inapanga kamera yanga ya DSLR. Ndikaloza pa diso la mkwatibwi kamera imalira kusonyeza kuti yagwira fokasi, koma pa kompyuta nkhope imatuluka ya chimbuuzi pamene nsalu zokongoletsera za kumbuyo kwake zikuoneka mpaka ulusi. Kodi anandigulitsa lenzi yowonongeka?
Wojambula, Nchalo

YANKHO: Bambo, musafulumire kukwera minibasi yokabweza katunduyo, chifukwa lenzi imene ikuonetsa ulusi wa nsalu magalasi ake ali bwino, kungoti fokasi ikugwera kumbuyo kwa pamene mwaloza. Vutoli ojambula amalitchula kuti back focus, ndipo fokasi ikagwera kutsogolo amati front focus.

Mukamasuzumira pa viewfinder, kazenera kakang'ono koikapo diso pojambula, fokasi imayezedwa ndi kachipangizo kapadera kamene kali pansi pa kalilole wa mkati mwa kamera, pamene chithunzi chenichenicho chimagwera pa sensa yaikulu ya kumbuyo. Njira ziwirizi zikasiyana pang'ono chabe, kamera imakhulupirira kuti yalondola chonsecho yaphonya. Makampani opanga malenzi a makamera a ena kawirikawiri amachita kudzifufuzira okha mmene kamerayo imalankhulirana ndi lenzi, choncho kusamvana kotereku sikodabwitsa. Komanso pa f/1.4, pamene bowo la lenzi lolowetsa kuwala latseguka kwambiri, munthu ataima mita imodzi ndi theka kuchokera kwa inu, malo ooneka bwino sapitirira masentimita 8, ndiye kuphonya kumene lenzi yobwera ndi kamera inkakubisa pa bowo locheperapo la f/5.6 tsopano kwaonekera poyera.

Yesani motere, m'mawa pakhonde pamene pali kuwala kokwanira. Imikani kamera pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, ndipo patebulo la pa mtunda wa mamita awiri ndi theka muimikepo mabokosi asanu a machesi mopingasa, lililonse likhale masentimita 5 kumbuyo kwa linzake. Tsegulani lenzi pa f/1.4, sankhani kadontho ka fokasi kamodzi kokha ka pakati, ndipo mujambule bokosi lachitatu kasanu kudzera pa viewfinder, mukumapotoza fokasi ndi dzanja musanajambule ulendo uliwonse kuti kamera iyambirenso kufunafuna. Kenako mujambulenso kasanu ndi Live View, mukuyang'ana pa sikirini, chifukwa pamenepo fokasi imayezedwa pa sensa yeniyeniyo. Ngati za Live View zalondola koma zinazo zonse zikuonetsa bwino zilembo za bokosi lachinayi, mwalipeza vuto ndipo likhoza kukonzedwa. Zikatuluka zobalalika, china kutsogolo china kumbuyo, pukutani timapini tachitsulo ta kumbuyo kwa lenzi, poti fumbi la kuchigwa kuno limalowa paliponse, ndipo zikapitirira, pamenepo mpomwe mungakayikire mota ya lenziyo.

Kukonza kwake kumadalira kamera imene muli nayo. Nikon amatchula malo osinthirawo AF Fine Tune, Canon amati AF Microadjustment, ndipo onse awiri amalola manambala ochokera pa -20 mpaka +20. Fokasi ikamagwera kumbuyo, monga ikuchitira kwa inu, pitani ku mbali ya minasi: yambani ndi -5, jambulaninso mabokosiwo, ndipo muzisuntha pang'onopang'ono mpaka bokosi lachitatu litaoneka bwino kuposa anzake. Tsoka lake n'lakuti makamera otsika mtengo, monga Nikon D3300 ndi D5300 kapena Canon 700D ndi 1300D, alibe malo amenewa. Apo n'kudalira lenziyo. Sigma inatulutsa USB Dock mu 2013 ndipo Tamron inatulutsa TAP-in Console mu 2016, tizipangizo tolumikiza lenzi ku kompyuta kuti musinthe fokasi pa mitunda yosiyanasiyana ndi kuikamo firmware (pulogalamu yoyendetsa lenzi) yatsopano, koma timagwira pa malenzi ena okha a makampaniwo, makamaka atsopano. Zonsezi zikakanika, kwa ine ndi bwino kujambula nkhope pa f/2.8 kapena ndi Live View kusiyana ndi kutaya chithunzi cha kuvekana mphete, chimene sichibwerezedwa.

Chenjezo limodzi ndi la kuchigwa konkuno. Mu Okutobala ndi Novembala, masana kukatentha kupitirira madigiri 40, mpweya wa pamwamba pa nthaka umachita ngati ukuvina, monga umaonekera pa tala wa msewu wa M1, ndipo chinthu chakutali chimatuluka chimbuuzi ngakhale lenzi ikhale yabwino motani. Amene amajambula nyama ku Lengwe kapena ku Majete ndi lenzi yaitali amazidziwa bwino zimenezi. Musasinthe manambala a fokasi potengera zithunzi za nthawi imeneyo, ndipo mukapeza nambala yoyenera muilembe papepala, chifukwa imagwira pa lenzi imeneyo ndi kamera imeneyo basi.