Trochetia wanuyo akudwala madzi

Achemwali, mwafunsa chifukwa chimene masamba a Trochetia boutoniana wanu akusandukira achikasu n'kumayoyoka, chonsecho mumathirira tsiku ndi tsiku. Ine ndikuona kuti vuto lagona pa kuthirirako.

Kwawo kwa chitsambachi ndi ku Mauritius, m'mbali mwa phiri la Le Morne Brabant, pamalo a miyala, otentha, pomwe madzi a mvula sakhalitsa. Mizu yake ikakhala m'chinyontho nthawi yaitali imawola. Chichotseni mumphikamo, mudule mizu yakuda yofewa, mubzalenso m'dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje komanso timiyala. Mphikawo ukhale woboola pansi. Musanathirire, pisani chala m'dothi. Ngati mukadali chinyezi, dikirani kaye. Chiikeni padzuwa, ndipo manyowa asachuluke.

Za maluwa musafulumire mtima. Chomerachi chikakhwima chimatalika mamita awiri kapena atatu, ndipo kwawoko maluwa ake ofiira, olendewera ngati ndolo, amatuluka kuyambira Juni mpaka Okutobala.

Chonde chisamaleni. Ndi duwa la fuko la Mauritius kuyambira 1992, ndipo m'tchire chatsala paphiri limodzi lokhalo. Mphukira zatsopano zikayamba kutuluka, mutiuze.