Loweruka la mpira, gudumu lothothoka ndi thumba la zidole

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wapempha kuti dzina lake lisatuluke. Mwachidule nkhani yawo ndi iyi. Loweruka lapitali bambo a kunyumba anali pa TV kuonera mpira. Ana awiri, mnyamata wa zaka 6 ndi mlongo wake wa zaka 3, anayamba kulimbirana galimoto yoseweretsa mpaka gudumu linathothoka. Timu ya bambo inachinyidwa mpira utatsala pang'ono kutha. Podzuka pampando, bambowo anaponda kachidutswa ka LEGO (tizidutswa tolimba tapulasitiki timene ana amalumikiza posewera), nakalipira ana. Mayi anakalipira bambo, natolera zidole zonse m'thumba n'kulumbira kuti azitaya. Kufika Lamlungu madzulo anthu akungodutsana m'nyumba ngati alendo. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi nditaye zidolezi? Nanga ndikulakwa ndikamanena kuti mpira usamaonedwenso m'nyumba muno?"

Mayi, ndiyambe ndi kudziulula. Ine ndine mmodzi mwa azibambo amene timalankhula ndi oyimbira mpira pa TV ngati akutimva. Kachidutswa ka LEGO nanenso ndinakapondapo opanda nsapato, ndipo mawu amene ndinatulutsa tsiku limenelo sangalembedwe pano. Dzina lakuti LEGO linachokera ku mawu a ku Denmark akuti "leg godt", kutanthauza kuti sewera bwino, koma chidendene changa sichinagwirizane nazo.

Za zidole ndiyankha msanga chifukwa n'zosavuta. Musataye. Mwana akaona kuti zinthu zake zimasowa akuluakulu akakangana, saphunzira kusamala, amaphunzira mantha. Koma thumba lija musalikhuthulenso lonse. Ku University of Toledo, ku America, anachita kafukufuku pa ana 36 a miyezi 18 mpaka 30. Ana omwewo nthawi ina ankawapatsa zidole zinayi, nthawi ina 16. Zidole zikakhala zinayi, mwana ankakhalitsa ndi chidole chimodzi ndipo ankachiseweretsa m'njira zosiyanasiyana. Zikachuluka ankangogwira ichi, kusiya, kugwira icho. Anu ndi okulirapo kuposa amenewo, komabe yesani: tulutsani zochepa, zina zikhale pamwamba pa kabati, pakatha milungu iwiri musinthe. Mudzaona akulandira chidole chakale ngati chabwera lero.

Wamng'onoyonso musamuweruze kuti ndi womana. Mildred Parten, amene anafufuza za masewera a ana mu 1932, anaona kuti ana aang'ono amayamba ndi kusewera moyandikana, aliyense ndi zake, ndipo kusewera mogwirizana kumabwera akamasinkhuka. Kwa wa zaka 3, chimene chili m'manja mwake ndi chake basi. Mawu akuti "bwerekanani" kwa iye ndi phokoso chabe. Chimathandiza ndi kuwaikira nthawi yoti aione ndi maso, monga alamu ya pa foni: ikalira, galimoto ipite kwa mnzake. Ndipo wamkuluyo akhale ndi zidole ziwiri kapena zitatu zimene mlongo wake sazikhudza, chifukwa kumva "musiyire, ndi mwana" tsiku ndi tsiku kumatopetsa.

Tsopano ku mpira, komwe kuli nkhani yeniyeni.

Ife timakonda kunena kuti ndi mphindi 90 zokha. Bodza limenelo. Pali mphindi 15 zopumira pakati, pali zowonjezera kumapeto kwa chigawo chilichonse, pali VAR (kuonanso pa kanema zimene zachitika) imene imatha kuimitsa masewera kofuna kutsimikiza chigoli. Mpira usanayambe timamvera akatswiri, ukatha timamveranso akatswiri omwewo akufotokoza zimene taona kale ndi maso athu. Kenako pamabwera masewera ena a timu imene timadana nayo, ndipo amenewonso sitingawasiye chifukwa tikufuna igonje. Masana onse apita. Nthawi yonseyo wina akuletsa ndewu, akupukuta misozi, akufunafuna gudumu pansi pa mpando. Ndikawerenga imelo yanu, sindikuona kuti mumadana ndi mpira. Ndikuona kuti mlungu wonse nonse awiri munatopa, koma Loweruka wapuma ndi mmodzi, ndipo palibe anafunsa mnzake.

N'chifukwa chake kuletsa mpira sindikukuvomereza. Adzapita kukaonera kwina, adzabwera mochedwa, ndipo anawo adzakhalabe ndi inu nokha. Mudzapambana mkangano n'kuluza Loweruka. Chimene mukuyenera kupempha ndi nthawi yanu, yotchulidwa maola ake, monga momwe mpira ulili ndi nthawi yake yoyambira. Ndandanda wa masewera umadziwika masiku ambiri m'mbuyo, choncho nkhaniyi ikambidwe Lachinayi kapena Lachisanu: asankhe masewera amodzi, maola awiri amenewo ndi awo, osasokonezedwa. Koma m'mawa kapena madzulo ana ndi awo, ndipo inu musapezeke pafupi. Ndikutsindika, musapezeke pafupi, chifukwa mayi akakhala m'chipinda china ana amamutsata komweko bambo ali pompo.

Kukalipa kuja sindikukuikira kumbuyo. Timu kugonja si mlandu wa mwana. Akatswiri a zachuma David Card ndi Gordon Dahl anafalitsa kafukufuku mu 2011 wosonyeza kuti ku America, timu ya m'dera ya NFL (ligi ya mpira wa chimereka) ikagonja pamene anthu amayembekezera kuti ipambana, malipoti a nkhanza za amuna kwa akazi awo m'nyumba ankakwera ndi pafupifupi 10 peresenti. Sindikunena kuti amuna anu ndi otero, ndipo simunatchule za dzanja. Ndikungosonyeza kuti mkwiyo wa pa TV umatsikiradi pa anthu amene ali pafupi. Ngati tsiku lina padzakhala kumenya kapena kuopseza, imeneyo si nkhani ya zidole kapena ya ndandanda, mudzafune thandizo kunja kwa nyumba.

Pamene panakuvutani inu ndi nthawi. Munafuna kukonza nkhani mitima ikadali m'mwamba. John Gottman, amene wakhala zaka zambiri akufufuza mikangano ya m'mabanja, amati mtima ukamagunda kupitirira ka 100 pa mphindi munthu samvanso zimene mnzake akunena, ndipo pamafunika mphindi zosachepera 20 kuti thupi likhazikike. Koma mphindi 20 si masiku awiri. Kukhala chete mpaka Lamlungu ana amakumva bwino lomwe, ndipo wa zaka 6 akhoza kumaganiza kuti zonsezi zayamba chifukwa cha gudumu lake. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Muuzeni mosapita m'mbali kuti si iyeyo, ndipo bambo apepese kwa ana ndi pakamwa pawo, osati kudzera mwa inu kapena kubwera ndi chidole chatsopano.

Gudumu lija alikonze ndi bambo, mwana atakhala pambali akuwagwirira guluu. La kwathu ndinalimata mopendekeka, moti mpaka lero galimotoyo ukaikankha imangoyenda mozungulira.